Mbiri ya siteshoni ya mumlengalenga ya dziko la China

Dziko la China linamaliza kumanga siteshoni yake ya mumlengalenga, yotchedwa Tiangong, m'mwezi wa Novembala 2022, patapita zaka 30 kuchokera pomwe atsogoleri a dzikolo anavomereza ndondomeko yotumiza anthu mumlengalenga. Siteshoniyi, yomwe dzina lake limatanthauza nyumba yachifumu ya kumwamba, imazungulira dziko lapansi pa mtunda wa pakati pa makilomita 340 ndi 450 kuchokera pansi pano, ndipo imamaliza ulendo umodzi wozungulira dziko pa mphindi pafupifupi 90. Kuyambira mu Juni 2022, magulu a anthu atatuatatu akhala akusinthana kukhala m'siteshoniyi, gulu lililonse kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi.

Dziko la China lisanachite zimenezi, mayiko awiri okha ndi omwe anamangapo siteshoni yawoyawo mumlengalenga. Dziko la Soviet Union linatumiza Salyut 1 m'chaka cha 1971, kenaka Mir, yomwe inagwira ntchito kuyambira 1986 mpaka 2001, pomwe dziko la America linatumiza Skylab m'chaka cha 1973. Siteshoni yaikulu ya International Space Station, yomwe chidule chake ndi ISS, inamangidwa mogwirizana ndi mayiko a America, Russia, Japan, Canada ndi mayiko ena a ku Ulaya, ndipo China si membala wa mgwirizanowu.

Chiyambi cha ntchitoyi

Kafukufuku wa maroketi m'dziko la China anayamba m'chaka cha 1956 pomwe boma linakhazikitsa nthambi yapadera pansi pa unduna wa za chitetezo. Nthambiyi inatsogoleredwa ndi katswiri wa sayansi Qian Xuesen, yemwe anali atangobwerera kwawo kuchokera ku America chaka cham'mbuyo. Pa 24 Epulo 1970, dzikolo linatumiza setilaiti yake yoyamba, yotchedwa Dong Fang Hong 1, kuchokera ku malo oulutsira maroketi a Jiuquan, m'chipululu cha Gobi.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, boma linayesa kuyambitsa ntchito yotumiza munthu mumlengalenga pogwiritsa ntchito chombo chomwe chinapatsidwa dzina lakuti Shuguang. Asilikali oyendetsa ndege anasankhidwa kuti aphunzitsidwe, koma ntchitoyo inaimitsidwa chombocho chisanamangidwe chifukwa cha kuchepa kwa ndalama komanso chisokonezo cha ndale chomwe chinali m'dzikomo panthawiyo. Komabe, m'chaka cha 1975 akatswiri a dzikolo anakwanitsa kubweza setilaiti kuchokera mumlengalenga mpaka kutera pansi, luso lomwe ndi lofunika kwambiri pobweza anthu amoyo.

Nkhaniyi inadzukanso m'chaka cha 1986 pomwe boma linakhazikitsa ndondomeko yotukula sayansi ndi luso lamakono, yodziwika ndi nambala ya 863. Akatswiri anakambirana kwa zaka zingapo ngati kunali koyenera kupanga chombo chokhala ndi mapiko ngati ndege, chofanana ndi chomwe America inkagwiritsa ntchito, kapena chombo chaching'ono chotera ndi parachuti. Pamapeto pake anasankha chombo chaching'onocho poona kuti chinali chotsika mtengo komanso chogwirizana ndi luso lomwe dzikolo linali nalo.

Ndondomeko ya magawo atatu

Pa 21 Seputembala 1992, akuluakulu a chipani cholamula motsogozedwa ndi a Jiang Zemin anavomereza ndondomeko yomwe inadziwika ndi nambala ya 921. Ndondomekoyi inagawa ntchito yonse m'magawo atatu. Gawo loyamba linali kutumiza munthu mumlengalenga ndi kumubweza wamoyo. Gawo lachiwiri linali kuphunzira kutuluka kunja kwa chombo, kulumikiza zombo ziwiri zili mumlengalenga komanso kutumiza kasiteshoni kakang'ono koyeserera. Gawo lachitatu linali kumanga siteshoni yaikulu yokhalamo anthu nthawi zonse.

Ndondomeko imeneyi sinasinthe m'nthawi ya atsogoleri atatu otsatizana, a Jiang Zemin, a Hu Jintao ndi a Xi Jinping. Katswiri woyamba kuyang'anira mapulani onse a ntchitoyi anali a Wang Yongzhi, omwe analowedwa m'malo ndi a Zhou Jianping m'chaka cha 2006. Ntchitoyi imayendetsedwa ndi bungwe la China Manned Space Agency, lomwe lili pansi pa utsogoleri wa asilikali, pomwe zombo ndi maroketi zimapangidwa ndi kampani ya boma ya China Aerospace Science and Technology Corporation.

Pofuna kufulumizitsa ntchito, dziko la China linagula zipangizo zina ndi upangiri ku Russia pakati pa zaka za m'ma 1990, ndipo anthu awiri, a Wu Jie ndi a Li Qinglong, anakaphunzira ku malo ophunzitsira oyenda mumlengalenga a Star City pafupi ndi mzinda wa Moscow. M'chaka cha 1998 boma linakhazikitsa gulu loyamba la oyenda mumlengalenga, lomwe linali ndi asilikali oyendetsa ndege okwana 14. Chombo chomwe chinapangidwa, chotchedwa Shenzhou, chili ndi zigawo zitatu monga chombo cha Soyuz cha ku Russia, ngakhale kuti ndi chokulirapo. Chimanyamula anthu atatu ndipo chimaulutsidwa ndi roketi ya Long March 2F.

Munthu woyamba

Akatswiri anayesa chombo cha Shenzhou kanayi mopanda munthu, kuyambira mu Novembala 1999 mpaka kumapeto kwa chaka cha 2002. Pa 15 Okutobala 2003, a Yang Liwei ananyamuka ku Jiuquan pa chombo cha Shenzhou 5, nazungulira dziko lapansi maulendo 14 m'maola oposa 21, n'kukatera m'chigawo cha Inner Mongolia tsiku lotsatira. Ulendowu unachititsa China kukhala dziko lachitatu kutumiza munthu mumlengalenga ndi chombo chakechake, patapita zaka 42 kuchokera pa ulendo wa a Yuri Gagarin wa mu 1961. Mu Okutobala 2005, a Fei Junlong ndi a Nie Haisheng anakhala mumlengalenga masiku pafupifupi asanu pa chombo cha Shenzhou 6, zomwe zinatsiriza gawo loyamba.

Poyerekeza ndi mpikisano wa pakati pa America ndi Soviet Union m'zaka za m'ma 1960, maulendo a China anali ochepa komanso otalikirana, moti nthawi zina pankadutsa zaka ziwiri kapena zitatu popanda munthu kuuluka. Koma ulendo uliwonse unkayesa luso latsopano lomwe linali lofunika pa ulendo wotsatira.

Masiteshoni awiri oyeserera

Gawo lachiwiri linayamba mu Seputembala 2008 pomwe chombo cha Shenzhou 7 chinanyamula anthu atatu. Pa 27 Seputembala chakacho, a Zhai Zhigang anatuluka kunja kwa chombocho atavala chovala chodzitetezera chopangidwa ku China komweko. Luso lotuluka kunjali ndi lomwe limathandiza pomanga ndi pokonza siteshoni.

Pa 29 Seputembala 2011, dzikolo linatumiza kasiteshoni koyeserera ka Tiangong-1, kolemera matani pafupifupi 8.5. Mu Novembala chaka chomwecho, chombo chopanda munthu cha Shenzhou 8 chinalumikizana ndi kasiteshoniko moyendetsedwa ndi makompyuta. Mu Juni 2012, gulu la Shenzhou 9 linalowa m'kasiteshonimo. Pa gululi panali a Liu Yang, mayi woyamba wa ku China kupita mumlengalenga, komanso a Liu Wang, omwe analumikiza chombocho ndi manja pofuna kutsimikiza kuti ntchitoyo ingathekebe makina atalephera. Chaka chotsatira, a Wang Yaping a gulu la Shenzhou 10 anaphunzitsa ana a sukulu phunziro la sayansi pa wailesi ya kanema ali mumlengalenga.

M'chaka cha 2012, mneneri wa ntchitoyi anauza atolankhani kuti gawo loyamba linadya ndalama za dzikolo zokwana pafupifupi 20 biliyoni yuan, ndipo ndalama zina pafupifupi 19 biliyoni yuan zinaikidwa padera kuti zilipirire maulendo otsatira mpaka Shenzhou 10.

Kasiteshoni kachiwiri, Tiangong-2, kanatumizidwa pa 15 Seputembala 2016. A Jing Haipeng ndi a Chen Dong anakhalamo masiku 30, omwe panthawiyo anali ochuluka koposa m'mbiri ya dzikolo. Mu Epulo 2017, chombo chonyamula katundu cha Tianzhou-1 chinalumikizana ndi kasiteshoniko n'kukathira mafuta. Popanda luso limeneli siteshoni singakhalitse, chifukwa mpweya wochepa womwe umapezeka pa mtunda umenewo umaitsitsa pang'onopang'ono, ndipo imayenera kukwezedwa ndi mainjini nthawi ndi nthawi.

Mathero a masiteshoni awiriwa anali osiyana. Tiangong-1 inasiya kulumikizana ndi oyang'anira pansi pano m'chaka cha 2016, ndipo inagwa yokha mosawongoleredwa pa 2 Epulo 2018 kummwera kwa nyanja ya Pacific, mbali yake yaikulu itapsera m'mwamba. Tiangong-2 inagwetsedwa mwadala ndi mowongoleredwa m'dera lomwelo la nyanja mu Julayi 2019.

Lamulo la America

M'chaka cha 2011, nyumba ya malamulo ya ku America inakhazikitsa lamulo loletsa bungwe la NASA kugwiritsa ntchito ndalama za boma pogwira ntchito limodzi ndi boma la China kapena makampani ake popanda chilolezo chapadera. Lamuloli limadziwika ndi dzina la phungu yemwe analibweretsa, a Frank Wolf, ndipo olichirikiza anapereka zifukwa zokhudza chitetezo, kubedwa kwa luso komanso ufulu wachibadwidwe. Ndondomeko yomanga siteshoni ya China inalipo kale kuyambira 1992, koma lamuloli linatseka mwayi woti nzika za dzikolo zipite ku ISS, choncho China inapitiriza yokha.

Vuto la roketi yaikulu

Zigawo za siteshoni yaikulu zinali zolemera matani oposa 20 chilichonse, ndipo maroketi akale sakanatha kuzinyamula. Pa chifukwa chimenechi boma linapanga roketi ya Long March 5 komanso malo atsopano oulutsira ku Wenchang, pa chilumba cha Hainan. Malowa ali pafupi ndi nyanja, moti zigawo zikuluzikulu za roketi zimafika pa sitima yapamadzi, pomwe malo akale a kumtunda ankadalira njanji.

Roketiyi inauluka koyamba mu Novembala 2016, koma ulendo wachiwiri, pa 2 Julayi 2017, unalephereka chifukwa cha vuto la injini imodzi, ndipo roketiyo inagwera m'nyanja pamodzi ndi setilaiti yomwe inanyamula. Akatswiri anatenga zaka ziwiri ndi theka kufufuza ndi kukonza injiniyo, zomwe zinachedwetsa ntchito yomanga siteshoni. Roketiyi inaulukanso bwino mu Disembala 2019, ndipo mtundu wake wonyamula zigawo za siteshoni, Long March 5B, unayesedwa pa 5 Meyi 2020.

Kumangidwa kwa Tiangong

Ntchito yomanga inafuna maulendo 11 m'miyezi 19: atatu otumiza zigawo za siteshoni, anayi otumiza katundu ndi anayi otumiza anthu. Chigawo chachikulu, chotchedwa Tianhe, chinanyamuka ku Wenchang pa 29 Epulo 2021. Chigawochi n'chotalika mamita 16.6 ndipo chimalemera matani pafupifupi 22.5. M'menemo muli zipinda zogona zitatu, malo odyera, zipangizo zolimbitsira thupi ndi makina oyendetsera siteshoni yonse.

Anthu oyamba kukhalamo anali a Nie Haisheng, a Liu Boming ndi a Tang Hongbo, omwe anafika pa 17 Juni 2021 ndi kukhala miyezi itatu. Gulu lotsatira, la Shenzhou 13, linakhala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mu Novembala 2021 a Wang Yaping anakhala mayi woyamba wa ku China kugwira ntchito kunja kwa siteshoni.

Chigawo chachiwiri, Wentian, chinatumizidwa pa 24 Julayi 2022, ndipo chachitatu, Mengtian, pa 31 Okutobala 2022. Zigawo ziwirizi ndi zochitiramo kafukufuku. Chilichonse chinayamba chalumikizidwa kutsogolo kwa Tianhe, kenaka n'kusunthidwira m'mbali, moti pa 3 Novembala 2022 siteshoniyo inatenga maonekedwe a chilembo cha T. Kumapeto kwa mwezi womwewo gulu la Shenzhou 15 linapeza anzawo a Shenzhou 14 akadali komweko, ndipo kwa nthawi yoyamba m'siteshonimo munakhala anthu asanu ndi mmodzi nthawi imodzi. Kuyambira pamenepo gulu lochoka limayamba lapereka ntchito m'manja mwa gulu lobwera.

Zigawo zitatuzi pamodzi zimalemera matani pafupifupi 70, ndipo zombo za anthu ndi za katundu zikalumikizidwa kulemerako kumayandikira matani 100. ISS imalemera matani oposa 400. Malinga ndi omwe anaimanga, Tiangong inakonzedwa kuti igwire ntchito zaka zosachepera khumi, ndipo zakazi zingathe kuwonjezereka ikamasamalidwa bwino.

Moyo ndi ntchito m'siteshoni

Magetsi a siteshoniyi amachokera ku mphamvu ya dzuwa. Popeza kutumiza madzi kuchokera pansi pano n'kokwera mtengo, makina a m'siteshonimo amasefa mkodzo ndi chinyezi cha mumpweya kuti zikhalenso madzi abwino, ndipo ena mwa madziwo amapangira mpweya wa okosijeni wopuma anthu. Chakudya, zovala, zida ndi mafuta zimabwera ndi zombo za Tianzhou, zomwe pochoka zimanyamula zinyalala n'kukapsera nazo m'mwamba. Kunja kwa siteshoniyi kuli mikono iwiri yoyendetsedwa ndi makina, wina wa mamita khumi ndi wina wa mamita asanu, yothandiza kusuntha katundu ndi anthu. Mauthenga pakati pa siteshoni ndi likulu la ntchitoyi ku Beijing amadutsira m'masetilaiti a Tianlian.

Kafukufuku yemwe amachitika m'siteshonimo amakhudza za umoyo wa munthu, zomera, zitsulo, madzi ndi moto pamalo pomwe zinthu zilibe kulemera. M'chaka cha 2022, akatswiri anabzala mpunga m'chigawo cha Wentian, ndipo unamera, kukula ndi kubereka mbewu zina komweko. M'chaka cha 2024 anatumizako tinsomba ting'onoting'ono kuti aone m'mene tingakhalire m'madzi otsekeredwa.

Mtundu wa anthu opitako nawonso wasintha. Magulu awiri oyamba, la 1998 ndi la 2010, anali a asilikali oyendetsa ndege okhaokha, koma gulu la anthu 18 lomwe linasankhidwa mu 2020 linaphatikizapo mainjiniya ndi akatswiri a sayansi. Mu Meyi 2023, a Gui Haichao, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Beihang, anakhala munthu wamba woyamba wa ku China kupita mumlengalenga.

Madandaulo ndi ngozi

Ntchitoyi yakumanapo ndi madandaulo ochokera ku mayiko ena, makamaka okhudza roketi ya Long March 5B. Thunthu lalikulu la roketiyi, lolemera matani oposa 20, limafika mumlengalenga pamodzi ndi katundu wake, kenaka limagwa lokha patapita masiku angapo popanda woliwongolera. Mu Meyi 2020 zidutswa zomwe akatswiri anati zinali za roketiyi zinagwera m'midzi ina m'dziko la Côte d'Ivoire, ndipo mu Meyi 2021 zina zinagwera m'nyanja ya Indian Ocean pafupi ndi zilumba za Maldives. Mkulu wa NASA panthawiyo, a Bill Nelson, anadzudzula China kuti sikutsatira njira zoyenera zosamalira zinyalala za mumlengalenga, koma boma la China linayankha kuti mbali yaikulu ya roketiyi imapsera m'mwamba ndipo chiopsezo kwa anthu n'chochepa kwambiri.

Nalo dziko la China linadandaula ku bungwe la United Nations mu Disembala 2021 kuti siteshoni yake inakakamizika kusuntha kawiri m'chakacho pozemba masetilaiti a Starlink a kampani ya SpaceX ya ku America.

Chiopsezo cha zinyalala za mumlengalenga chinaonekera poyera mu Novembala 2025. Pa 5 Novembala, ulendo wobwerera wa gulu la Shenzhou 20 unaimitsidwa atapeza mng'alu pa zenera la chombo chawo, womwe akatswiri anati uyenera kuti unabwera chifukwa cha kachidutswa komwe kanawomba chombocho. Gululi linabwerera pa 14 Novembala pogwiritsa ntchito chombo cha Shenzhou 21, chomwe chinabweretsa anzawo owalowa m'malo. Izi zinasiya anthu atatu m'siteshonimo opanda chombo chodalirika chothawira. Pa 25 Novembala, chombo cha Shenzhou 22 chinatumizidwa chopanda munthu kuti chikatseke mpatawo. Zimenezi zinatheka msanga chifukwa kuyambira 2021 akuluakulu a ntchitoyi amasunga roketi ndi chombo china ku Jiuquan nthawi zonse pokonzekera ngozi.

Ubale ndi mayiko ena

Mayiko ena a mu Africa anatengapo mbali pa ntchitoyi kuyambira kale. M'tauni ya Swakopmund ku Namibia muli malo olondolera zombo omwe China inamanga chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo akhala akuthandiza pa maulendo a Shenzhou. Mu Juni 2019, China pamodzi ndi ofesi ya United Nations yoona za mumlengalenga inasankha ntchito za kafukufuku zisanu ndi zinayi zochokera ku mayiko 17 kuti zidzachitikire pa siteshoniyi, ndipo dziko la Kenya linali m'gulu la mayikowo. Mu Seputembala 2022, gulu la Shenzhou 14 linayankha mafunso a achinyamata a mayiko angapo a mu Africa pa mwambo womwe unakonzedwa mogwirizana ndi bungwe la African Union ku Addis Ababa.

Mu Febuluwale 2025, China inasainirana mgwirizano ndi dziko la Pakistan wosankha ndi kuphunzitsa nzika za dzikolo kuti mmodzi mwa iwo adzapite ku Tiangong ngati mlendo woyamba wochokera kunja.

Mapulani a m'tsogolo

Akuluakulu a ntchitoyi analengeza kuti akufuna kukulitsa siteshoniyi kuchoka pa zigawo zitatu kufika pa zisanu ndi chimodzi. Analengezanso za makina aakulu oonera nyenyezi otchedwa Xuntian, okhala ndi galasi la mamita awiri m'mimba mwake, omwe azidzayenda m'njira imodzi ndi siteshoniyi kuti azitha kulumikizana nayo pofuna kukonzedwa kapena kuthiridwa mafuta. M'chaka cha 2023 boma la China linanena kuti likufuna kutumiza anthu ku mwezi chisanafike chaka cha 2030, pogwiritsa ntchito roketi yatsopano ya Long March 10, chombo cha Mengzhou ndi chombo choterera pa mwezi cha Lanyue.

Bungwe la NASA linalengeza kuti ISS idzagwira ntchito mpaka cha m'ma 2030, kenaka idzagwetsedwera m'nyanja. Makampani angapo a ku America akukonza masiteshoni awoawo oti adzalowe m'malo mwake, dziko la Russia likukonza yake, ndipo dziko la India linalengeza kuti likufuna kukhala ndi siteshoni yake pofika chaka cha 2035.